Lawford Akazinga Nkhope ya Amayi Ake

Mukamadutsa ku Old Town, mbali ya ku Malangalanga kuja, tadzakwezaniko maso muone mitu ya anthu yojambulidwa pa makoma a malo ometera. Wina wameta mpala, wina wasiya kachisumbu pakati, wina ndevu zachita kumuzungulira ngati mpanda wa ku Area 10. Koma inu musataye nthawi ndi tsitsi, yang'anani mphuno. Mphuno ndi imodzi. Mitu yonseyo, kuchokera ku depoti mpaka kukafika ku mzikiti, inabwereka mphuno kwa munthu mmodzi, ndipo mwini mphunoyo ndi Lawford, wolemba zikwangwani.

Musati ndi mitu ya anthu yokha ayi. Mbuzi ili pa khoma la butchala, ntchito ya Lawford. Nkhuku yomwetulira pafupi ndi chiwaya cha tchipisi, ngati sikudziwa chomwe chikuidikira, Lawford yemweyo. Ndipo mbuziyo mukaiyang'ana chammbali, nayonso mphuno ndi yomwe ija.

Mwini wakeyo ndi munthu wamfupi, wa buluku loti simungadziwe kuti pogula linali la mtundu wanji. Pensulo kukhutu, burashi m'thumba lakumbuyo, pakamwa posatseka. Ofesi yake ndi khonde la Che Abdulwahab, mkulu wodula magalasi ndi kukhoma mafelemu a zithunzi. Penti wake anali wa m'zitini uja wopaka zitseko, ukapaka lero mawa wauma gwa, akunyezimira ngati dazi pa dzuwa. Munthu akabwera ndi ntchito, Lawford ankayamba wadziguguda pachifuwa.

"Bwana, ine ndimajambula chopuma ndi chosapuma. Mukufuna ng'ombe yoseka kapena yoganiza?"

Bambo ake, a Gladson, ndi mlonda pa geti lina ku Area 10. Ntchitoyo anaiyamba mitengo ya mumsewu muja ikulekeza m'chiuno, lero ndi zimitengo zoti galimoto zimausapo. Vuto linali maso. Zinayamba ngati kautsi, kenako n'kukhala nkhungu yosachoka ngakhale dzuwa lifike pamutu. Kuchipatala anawapatsa mankhwala odontheza, n'kuwauza mosapsatira kuti, "Agogo, awa ndi ongochedwetsa mdima, kuubweza ayi." Geti ankatsegula ndi makutu basi. Akamva vuuu, tchii, amati awo ndi abwana. Akamva kwiiii, amati awo ndi adona, mabuleki amaponda ngati akupha njoka.

Lamulungu lina masana Lawford anapita kukawaona. Anawapeza pa kampando kawo panja pa kanyumba ka alonda, chingambwe chili pakamwa, utsi uli tolo.

"Iwe," anatero a Gladson moni asanathe n'komwe, "mbuzi za eni wajambula tauni yonse. Amako anakulakwira chiyani?"

Lawford anaseka, kuyesa ndi zocheza. Bambo ake sanaseke.

"Nkhope yawo yayamba kufufutika m'mutu muno, ngati zikwangwani zako zikakumana ndi mvula. Kunjaku nakonso kukuda. Ndiwaoneko kamodzi a Nambewe, masowa asanatseke sitolo."

Apa pakamwa pa Lawford panatseka, koyamba chibadwire.

Malemu amayi ake, a Elube, amene amuna awo ankawatchula ndi mfunda kuti a Nambewe, anapita osasiya chithunzi. Si kuti mafoni kunalibe. Ukangowalozetsa foni, chitenje kumaso phi! "Mukandijambula ndiye ndikhuta?" Zithunzi za pa maukwati zilipo zambirimbiri, koma za iwo mumangoona chigongono, msana, kapena nsonga ya duku ikuthawa. Chokhacho chinatsala ndi kankhope ka pa chitupa cha unzika, kakang'ono ngati chikhadabo, maso ali tong'o ngati munthu wamva kuti mbuzi yalowa m'munda mwa apongozi.

Anali mayi wosakuwa. Ukalakwa, ankangopendeketsa mutu chakumanzere, nsidze imodzi m'mwamba, dzanja m'chiuno, n'kutulutsa liwu limodzi: "Ndiye?" Basi, mlandu watha, wapezeka wolakwa. Chimene ankadana nacho kwambiri chinali chingambwe. A Gladson akangoona mutu uja wapendeka, dzanja la fodya linkathawira lokha kumsana, n'kupirira moto mpaka utawafika pa zala. Zipsera zilipo mpaka lero, mukawapatsa moni mudzazimva.

Koma Lawford zimenezo sanaziike m'mutu. Kwa iye chithunzi cha malemu chimafuna ulemu. Munthu akhale chilili, mutu njo, pakamwa potseka, ngati akuyimba nyimbo ya fuko chamumtima. Anatenga thabwa losalala, anatenga zitini zake, anaika kachitupa kaja pambali, n'kuyamba. Anajambula nsidze imodziimodzi. Anajambula mabatani a bulauzi ya amayi a Chigwirizano, mpaka timabowo ta ulusi. Atamaliza anabwerera m'mbuyo n'kudziombera yekha m'manja.

A Gladson analandira thabwalo, kulibweretsa pafupi mpaka kugunda mphuno, kulitalikitsa, kulitembenuzira ku dzuwa. Anakoka chingambwe, n'kuuzira utsi pankhope pomwepo, fuuu.

"Ameneyu anamugwira ataba chiyani?"

"Bambo, ndi amayi amenewo!"

"Amako? Uyu ndi iwe wavala duku."

Mlonda wa geti loyandikana, amene ankamvetsera kuseri kwa maluwa, anaphulika nako kuseka mpaka kutsamwa. A Gladson anabweza thabwalo pang'onopang'ono, mawu atatsika.

"Usakwiye mwananga. Nsidze zako wavutika nazozi ine sindikuziona. Chatsala m'maso muno ndi kuwala apa, mdima apa, basi. Koma amako ndinkawadziwa ali uko pa mphambano, nkhope isanaoneke n'komwe."

Lawford anabwerera ku Old Town thabwa lili m'khwapa, nkhope yoyang'ana mkati. M'mawa mwake analitsamiritsa ku khoma la khonde, n'kukhala duu. Che Abdulwahab anatuluka, magalasi ali pa nsonga ya mphuno, kachipewa koyera kumutu, n'kulitembenuza ndi chala chimodzi. Anayang'ana thabwa, anayang'ana Lawford, anayang'ananso thabwa.

"Fundi, mmisiri wathu, wayamba liti kupita ku Chigwirizano?"

"Che, musandiwonjezere. Bambo maso akutha."

Mkuluyo anamvetsera nkhani yonse mpaka kumapeto. Analowa mkati, kunamveka gubudugubudu, n'kutuluka ndi chitini chakale cha mabisiketi. M'kati munali timachubu ta penti topindikapindika, maburashi a ubweya wouma, ndi kabotolo ka mafuta achikasu. Ali mnyamata, Che Abdulwahab ankagwira ntchito ku Area 3 kwa mayi wina wachizungu wojambula, kumutsukira maburashi ndi kumukokera nsalu. Mayiyo pobwerera kwawo anawasiyira chitinicho, ndipo iwo nthawi zina amajambulako mitengo ndi mitambo, kungotsitsimutsa manja.

"Nkhope ya munthu ine sindijambula, mtima wanga pa chipembedzo sundilola. Koma pentiyu alibe chipembedzo. Dzanja likhale lako, pakamwa pakhale panga. Chinthu chimodzi chokha: uyu si penti wa zitseko. Uyu amafuna pole pole, pang'onopang'ono."

"Pole pole nthawi ilipo, Che?"

"Ukathamanga udzayambiranso, ndiye uone ngati nthawi idzakhalepo."

Sukulu inayamba pomwepo. Che Abdulwahab anakoka nsalu yolimba pa felemu, uku kukhoma, uko kukoka, mpaka ukaigogoda ndi chala imayankha ngati ng'oma. Anaipaka zoyera, kuisiya iume, kuipalapala, kuipakanso. Lawford pensulo anamulanda, n'kumupatsa khala la kamtengo kowotcha, loti ukalakwitsa umangopukuta ndi kansanza. Anamuphunzitsa kuyeza: dzanja tambasule, burashi chilili, diso limodzi tsinzine, chala chachikulu chikuyenda pa mpini kuona kuti kuchokera pachipumi kufika pa nsidze ndi motani, kuchokera pa nsidze kufika kunsi kwa mphuno ndi motani. Anthu odutsa ankayesa Lawford akulodza minibasi.

"Tsopano mvetsa," anatero Che Abdulwahab akukweza kabotolo kaja. "Awa ndi mafuta a linsidi. Poyamba penti umamusungunula ndi tapentaini, akhale woonda ngati tiyi wa pamaliro. Akauma, wotsatira umamudonthezera mafutawa, anenepeko. Woonda pansi, wonenepa pamwamba. Ukatembenuza, pouma adzang'aluka ngati dambo mu Okutobala."

Kenako anatambasula dzanja lawo pa dzuwa.

"Ili ndi la mtundu wanji?"

"Labulauni."

"Labulauni ndi chitseko cha chimbudzi. Yang'ana bwino. Apa pali kufiira. Apa dzuwa likugunda pali kabuluu ka mtambo. Umu m'mizere muli pepo ngati nthudza yakupsa. Khungu la munthu silituluka m'chitini chimodzi."

Nkhope yoonera inafunika, poti kachitupa kaja kanali kataonetsa kale khalidwe lake. Ndiye anakumbukira Esnati, mchemwali wake wamkulu wa Lawford, amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Area 11. Chipumi ndi masaya anachita kulanda kwa amayi ake. Lamulungu, tsiku lake lopuma, anabwera ku kachipinda ka Lawford ku Mchesi atatchena, duku loyera atalisita mpaka kuthwa. Anakhala pa mpando, manja pa maondo, khosi gwa, mpweya n'kuugwira. Patangopita kanthawi nkhope inayamba kutupa.

"Wajambula?" anafunsa ndi m'mano.

"Achemwali, pumani. Si foni iyi."

"Nanga si unati ukundijambula? Kwa adona amangoti thwa, zatha."

"Kuno thwa wake ndi wa milungu."

Esnati anatulutsa mpweya ngati tayala laphulika. Komabe anapirira. Lamulungu ndi Lamulungu ankabwera, kukhala njo ngati chipilala, Lawford n'kumayeza ndi burashi yake. Penti woonda anagona bwinobwino, nauma. Nkhope inayamba kutuluka, yaulemu, yowongoka, yosalakwira munthu.

Tsoka linabwera ndi ukhondo. Tsiku lina Lawford anaitanidwa panja ndi mwini saluni wofuna kudandaula kuti mutu wa pa khoma lake ukufanana ndi wa saluni ya mnzake. Esnati, munthu wozolowera kukolopa nyumba za matailosi, anayang'ana kachipindako mtima n'kumuwawa. Anagwira tsache. Tsache linagunda mwendo wa tebulo, kabotolo ka linsidi gubudu, mafuta onse n'kumwedwa ndi simenti yong'aluka. Esnati anaima kakasi. Kenako maso anagwa pa botolo la mafuta ophikira lili pambali pa mbaula. Analikweza pa windo. Achikasu awa, achikasu awo. Mafuta ndi mafuta. Anathira mwaluso, osadontheza ngakhale kamodzi, kutseka, kupukuta, n'kubwerera pa mpando, manja pa maondo.

Tsiku lomwelo Lawford anayamba penti wonenepa. Ndipo kunena zoona burashi inkayenda mokoma, tererere, mpaka anayimba nyimbo.

Anadikira kuti aume. Anakhudza ndi chala pakona, penti n'kubwera ndi chala. Anati pole pole. Sabata inatha, chimodzimodzi. Ina inatha, chithunzi chili noninoni ngati chitumbuwa chongovuula kumene. Fumbi la Lilongwe, lija limalowa ngakhale m'chitini chotseka, linapeza pokhala. Bulauzi yoyera inasanduka ya kaki. M'mawa wina anadzuka n'kupeza nyerere zandanda mzere kuchokera pakhomo, kukwera mwendo wa tebulo, mpaka pa tsaya la amayi ake, zina zikupita, zina zikubwerera zikupatsana moni.

Sabata yomweyo anapita ku Area 10 kukaona bambo ake. Anaima patsogolo pawo penipeni, iwo n'kupereka moni ku mtengo wa papaya uli pambali.

"Ndili kuno, bambo."

"Ndakuona, ndimangoyesa ngati papayayu ali ndi ulemu." Anaseka pang'ono, kenako anagwira diso lamanzere. "Ili latseka kale. Latsala ili, nalonso likuwerenga katundu. Zili pati?"

"Zatsala pang'ono."

Pobwerera sanakwere minibasi msanga. Anayenda wapansi mpaka ku City Centre.

Mawa lake ananyamula chithunzicho mosamala mpaka pa khonde. Che Abdulwahab anachiyang'ana, anachinunkhiza, anakhudza ndi chala n'kulawa pa nsonga ya lilime. Anaitanitsa kabotolo kaja, kununkhizanso. Anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso.

"Mwana wanga, amayi ako wawakazinga. Pangotsala anyezi ndi tomato."

"Che?"

"Awa ndi ophikira. Linsidi amauma, awa sauma mpaka tsiku la chiweruzo. Alowerera kale m'nsalu. Palibe chopulumutsa, koma felemu yokha."

Lamulungu Esnati anafika monga mwa masiku onse, duku lili mbee. Anapeza mlongo wake ataima pakati pa chipinda, kabotolo m'dzanja lina, botolo la ophikira m'dzanja lina, ngati loya wa pa wailesi.

"Achemwali, ndifunse. M'kabotolo umu munalowa bwanji mafuta a mandasi?"

"Anatayika aja. Ndinakuthirira ena. Sunathokoze n'komwe."

"Kuthokoza? Ntchito ya milungu yonse ija yapita! Bambo diso latsala limodzi! Inu kwanu n'kukolopa basi, chilichonse mukaona mukolope, ngakhale munthu atagona pansi mukhoza kumukolopa! Ndani anakutumani kugwira tsache m'nyumba mwanga?"

Esnati sanakuwe. Anaika kachikwama kake pansi mwakachetechete. Dzanja linapita m'chiuno. Mutu unapendekera kumanzere. Nsidze imodzi inakwera.

"Ndiye?"

Mabotolo onse awiri anatsala pang'ono kugwa. Lawford anamuyang'anitsitsa. Kuwala kwa pa windo kunagunda duku, kutsetsereka pachipumi, kukaima pa tsaya limodzi, mbali inayo n'kutsala mu mdima. Pakhomo pake panaima amayi ake, amoyo, akudikira yankho.

"Musasunthe!"

"Ukuti chiyani iwe?"

"Musasunthe, achemwali, chonde! Ndikalipireninso!"

Anatola khala, anang'amba katoni ya sopo, n'kuyamba kukhwatcha ngati wagwidwa ndi mizimu. Nsidze sanawerenge. Mabatani sanawaone n'komwe. Mzere umodzi wa khosi, umodzi wa phewa lokwera, chigongono chotuluka, basi. Mawu a bambo ake anamubwerera: ndinkawadziwa ali uko pa mphambano. Nanga pa mphambano munthu amaona nsidze? Amaona kaimidwe.

Che Abdulwahab ataona katoniyo anagwedeza mutu nthawi yaitali. Anatulutsa kabotolo kena ka linsidi kamene anabisa kuseri kwa magalasi, n'kukamanga kachingwe kofiira pakhosi kuti aliyense wa tsache adziwe. Anakokanso nsalu yatsopano.

"Tsopano penya ngati bambo ako. Tsinzina, usiye kampata kakang'ono. Ukuona chiyani?"

Lawford anatsinzina, kuyang'ana mayi wogulitsa nthochi tsidya la msewu.

"Maso palibe. Pakamwa palibe. Pali choyera apa, chakuda apa, chapakatikati apa."

"Jambula zimenezo. Zinazo ndi zokometsera, zibwera pambuyo ngati malo alipo."

Ntchito inasamukira kuseri kwa shopu ya Che Abdulwahab, kutali ndi mbaula. Kumbuyo kwa mutu Lawford anapaka mdima wandiweyani, kuti duku liwale ngati mwezi ngakhale kwa munthu wa diso limodzi lankhungu. Anayamba ndi burashi yaikulu, yaing'ono anaibisa m'thumba. Akapaka kawiri katatu ankabwerera m'mbuyo mpaka kukagunda khoma, kutsinzina, kubweranso. Woonda pansi. Kudikira. Wonenepa pamwamba. Pa tsaya anaika kufiira, pachipumi kabuluu ka mtambo, pansi pa chibwano pepo wa nthudza. Duku analipaka ndi mpeni wa patebulo, penti wochindikala ngati majarini a kwa adona.

Vuto linali limodzi. Esnati akakhala pa mpando ankabwerera ku ulemu wake uja, khosi gwa. Kuti mutu upendeke pankafunika kumuputa. Ndiye Lawford, amene luso limeneli anabadwa nalo, anagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi.

"Achemwali, alamu amati mkonono wanu anthu amabwera ndi chimanga, kuyesa chigayo chatsegula."

Mutu pendeke. Burashi phaphapha.

"Paja ndiwo zanu mchere umachita kubwera wapansi, kufika anthu atadya kale."

Nsidze kwezu. Burashi phaphapha.

Che Abdulwahab anakhala pa mpando pambali ngati wapolisi wa pamsewu, ntchito yawo mphuno basi. Dzanja la Lawford likangoyamba kukhotera kozolowera, ankagogoda tebulo ndi rula.

"Fundi! Yako ija ikubwera. Ibweze. Yeza ya mlongo wako."

Tsiku lomaliza chipongwe chinamuthera. Anaima, kukanda m'mutu, n'kungoti, "Achemwali, ndinu okongola ngati thumba la makala." Esnati anapendeketsa mutu kuti akalipe, koma pakona pa mlomo panagwedera, kuseka kukufuna kuthawa iye akukukaniza. Lawford anaima chilili. Ndi chimenecho chinkasowa. "Ndiye?" wa amayi ake sankabwera yekha, kuseri kwake kunkabisala kuseka, n'chifukwa chake bambo ake anapsa zala zaka zonsezo osadandaula. Anatulutsa kaburashi kakang'ono kaja, kukhudza pakona pa mlomo kamodzi kokha, n'kukaponya pansi.

Esnati anazungulira kudzaona. Anangomasula duku lake n'kubisamo nkhope.

Penti wochindikala chotero amatenga nthawi kuti aume, ndipo nthawiyo panalibe. Che Abdulwahab anakhoma bokosi lathabwa lopyapyala, lokhala ndi timitengo m'makona kuti chivindikiro chisakhudze penti, fumbi lisalowe. Lawford analinyamula ngati mazira mpaka mu minibasi ya ku City Centre, Esnati ali pambuyo. Kondakitala analigogoda.

"Biggie, ichi chipite kumbuyo. Muli chiyani umu?"

"Muli amayi anga."

Minibasi yonse zii. Mayi wina anasendera ku windo. Kondakitala anavula kapu, n'kuuza dalaivala kuti atsitse wailesi. Mpaka ku City Centre palibe anawapanikiza, ulendo woyamba m'mbiri ya minibasi.

Anafika ku Area 10 dzuwa litapendeka, likuwala chammbali. A Gladson anali pa kampando kawo, chingambwe chatsopano chikufuka. Lawford anakodola mlongo wake kuti akhale chete. Sanapite nacho pafupi ngati poyamba paja. Anakachiimika pa mpanda wa maluwa, kataliko pang'ono, pamene dzuwa linkagunda bwino, n'kuchotsa chivindikiro. Kenako anakhosomola.

A Gladson anatembenuka. Diso lotsala lija linafufuza, kudutsa papaya, kudutsa Lawford, n'kuima. Anatsinzina pang'ono. Khosi linatalika.

Ndiye dzanja lamanja, lokha, mosatumidwa, linatsika kuchoka pakamwa n'kuzembera kumsana.

Utsi unayamba kukwera kuseri kwa mutu wawo ngati munthu akupsa msana. Mkulu uja anaimirira pang'onopang'ono, dzanja lina n'kuvula chipewa.

"Ayi, a Nambewe," anatero ndi mawu aang'ono, "si wanga uyu. Ndangomugwirizira mnzanga wa geti ilo."

"Bodza!" anakuwa mlonda uja kuseri kwa maluwa. "Ine ndinasiya kalekale, mayi!"

"Mayo!" Moto unali utafika pa zala. Chingambwe chinagwa, a Gladson akukupiza dzanja, akuseka, misozi ikutsika m'diso lopenya ndi lotseka lomwe. Esnati anakhala pansi pa udzu, kuseka ndi kulira zitasakanikirana ngati penti pa mbale. Bambo aja anasendera pafupi, dzanja litatambasuka kuti akhudze tsaya.

"Bambo, sanaume!"

"Ndamva, ndamva. Ngakhale kale sankalola kugwidwagwidwa pagulu." Anaima pomwepo nthawi yaitali, mutu wawo nawonso utapendeka. "Ndi iwowa. Iwe, ndi iwowa ndithu. Ndawaika m'kati tsopano, disoli likafuna kutseka litseke." Kenako anatembenukira kwa mwana wawo. "Koma mphuno yako wachita bwino kuisiya kunyumba."

Chithunzicho chinauma bwinobwino, nyerere osachiyang'ana n'komwe. Chili m'kanyumba ka alonda, moyang'anana ndi khomo, pamene dzuwa la m'mawa limafika. Diso lija likadagwirabe pang'ono, mankhwala akudontheza mosadumphitsa, poti amati pali wina amawafunsa akaiwala. Zala zikamayabwa, amayendetsa pa duku lochindikala lija, kutsata mizere ya mpeni. Fodya m'kanyumbamo salowanso. Akafuna kusuta amazungulira kuseri kwa thanki ya madzi, n'kumasuzumira uku ndi uku.

Lawford akadali pa khonde lomwe lija. Zikwangwani akulembabe, koma pakona pali nsalu yokoka ndi kabotolo ka chingwe chofiira. Anthu anamva, ndipo amabwera ndi tizitupa ta malemu awo, timaso tili tong'o. Iye amatiyang'ana kamodzi, n'kutibweza.

"Ichi sungani. Tandiuzani, akakwiya ankaima bwanji? Ayi, musafotokoze. Imirirani, muwayeseze."

Ndiye mudzaona bambo wa tayi, wochokera ku maofesi a ku City Centre, ataima pakati pa Malangalanga, mimba kutsogolo, chala m'mwamba, akuyesezera agogo ake, Lawford atatsinzina diso limodzi, khala likuthamanga, Che Abdulwahab ali pambali ndi rula kudikirira mphuno.

Mphuno za pa makoma zija akuti azikonza pole pole, koma mbuzi ya pa butchala ija yokha ndiye anakana kuikonza. Akuti imeneyo ndi ya pa banja.